Kuseri kwa Chitseko

Bambo ankalemba ndi choko kuseri kwa chitseko cha kukhitchini
manambala a ana awo akumwamba.
Apansi tinalipo awiri, ine ndi Gleb.
Akumwamba analipo makumi awiri ndi anayi,
ndipo mayi ankati onsewo amapisa m'mbale yathu.

Tauni yathu sinali pa mapu.
Makalata ankatipeza ndi nambala.
Mpanda wa waya, msilikali pachipata,
mtsinje wa Yenisei uli gwa! theka la chaka.
Taganizani, anthu osowa pa mapu
ndi amene ankaphunzitsa dziko kudziwa pomwe laima.

"Rimma, tamvera," ankatero, akusenda mbatatesi,
"setilaiti ilibe maso, sikuona iwe.
Ndi wotchi chabe yoyenda m'mwamba,
ikungofuula: tsopano, tsopano, tsopano.
Ukamva imodzi, uli paliponse.
Ukamva zitatu, wayandikira.
Yachinayi ndiyo imadzudzula wotchi yako yabodzayo.
Zinayi, mwanawe. Zikachepa, wasochera."

Kenaka inagwa njala ya ndalama.
Malipiro a Malichi ankafika masamba atayoyoka.
Tsiku lina anafika ali thumba la shuga.
Akumwamba aja ankakalamba msanga
ndipo panalibe wotumiza ena.
Bambo ankabwera m'bandakucha, ndevu zili mbuu ndi chipale,
osavula ngakhale chipewa,
n'kunyowetsa chala ndi malovu,
n'kufufuta nambala imodzi.
Palibe ankafunsa.
Supu ankazizira patebulo.

A Varlam, mnzawo wa desiki limodzi,
anapita kukagulitsa majekete pamsika ku Krasnoyarsk.
Ananenepa. Sindiwanena.
Bambo anatsala, usiku ndi usiku,
kunyengerera mabatire otopa ngati wodwazika matenda,
kutembenuzira mapiko a chitsulo kudzuwa
kuti wina afike Lachisanu.
Kuseri kwa chitseko kunada ndi zala.
Manambala otsala ndinkawawerenga osatha manja onse awiri,
ndipo masana ena kumwamba kunkangoti zii,
chibowo chachikulu pamwamba pa dziko lonseli.

Atsopano atayamba kukwera, bambo sanavine.
Anagula choko china, basi.
Anyamata a malaputopu anadzaza ofesi,
akukamba za mawotchi osataya kamphindi,
za zizindikiro zatsopano, za zitsulo zokhala zaka khumi.
"Zaka khumi?" bambo anaseka mpaka kutsokomola.
"Tiona zikapsa."
Koma ndinawapeza usiku wina, magalasi ali pamphuno,
akuwerenga buku la anyamatawo mobisa,
milomo ikuyenda ngati mwana wa sukulu.

Anapuma ntchito manja atayamba kunjenjemera.
Anawapatsa mendulo ndi ketulo yamagetsi.
Ketuloyo inapsa chaka chomwecho.

Gleb tsopano amayendetsa lole pamwamba pa mtsinje wa Lena
madzi akaundana, kunyamula ufa ndi dizilo
kupita kumidzi komwe msewu umasungunuka mu Epulo.
Chaka chatha mphepo inamukwirira pakati pa mtsinje,
kutsogolo mbee, kumbuyo mbee,
mitengo yolozera njira yonse itamezedwa.
Akuti anazimitsa wailesi, n'kuyang'ana kabokosi kapagalasi.
Kadontho kabuluu kanali phee pamzere wake.
Pakona panalembedwa: khumi ndi imodzi.

Anandiimbira atafika, mawu akunjenjemera,
osati moni, osati ndafika bwino,
koma, "Khumi ndi imodzi, Rimma.
Mdala ankangopempha zinayi."

Bambo anali atagona kale zaka ziwiri
pansi pa mitengo ya paini, kuseri kwa mpanda uja.

Nyumba ndinaipaka penti chilimwe chino,
makoma, mawindo, denga lomwe.
Wopentayo, mnyamata wa ku Abakan,
anafika pachitseko chija ndi burashi yake
n'kufunsa ngati masamu akudawa ndi a mwana wanga.
Ndinati ayi, ndi a azichimwene anga,
siya choncho.